Mwamuna akagwa amati filimu sinayende, mkazi akagwa amati akazi sangathe

Atsikana anzanga, lero tikambe za mafilimu. Eya, a Marvel ndi DC omwe aja, a anthu ouluka ndi ogwetsa nyumba ndi chibakera chimodzi. Ndikudziwa ena mwayamba kale kufunsa kuti kodi tsamba lino lasowa nkhani. Dekhani, muwerenge kaye.

Ine mafilimu amenewa anandilowa m'magazi ndili mwana. Ndinkawaonera pa mpata wa matabwa a vidiyo sho, chifukwa kwathu ankati mtsikana wabwino salowa m'menemo. Achimwene ankalowa n'kukhala pa benchi, ine ndili panja, diso limodzi pa kabowo. Pano laputopu ndi yanga, bandulo ndimagula ndekha, ndipo mafilimu a Avengers ndikhoza kukutchulirani mwa ndondomeko yake osasuzumira pa foni. Nde zimene ndinene pano si za munthu wodana nawo ayi. Ndi dandaulo la wapakhomo.

Dandaulo lake ndi ili: m'mafilimu amenewa mwamuna amaloledwa kulephera, mkazi saloledwa. Filimu ya mwamuna ikagwa amati nkhani yake sinalembedwe bwino, tiyesenso. Ya mkazi ikagwa amati taonani, tinanena ife, anthu safuna kuonera akazi. Ndipo amene amaimba ng'oma ya chigamulo chimenechi ndi atolankhani a zamafilimu, pamodzi ndi anyamata aja a pa YouTube.

Tiyambire patali. Mu 2004 kunatuluka Catwoman ya Halle Berry, mu 2005 kunatuluka Elektra ya Jennifer Garner. Tisanamizane, onse awiri anali mafilimu oipa. Halle Berry mwiniwake anapita kukalandira yekha Razzie, mphoto yachipongwe imene amapereka kwa amene wasewera moipa kwambiri, Oscar yake yeniyeni ataigwira kudzanja linalo. Koma chilango sichinathere pa mafilimu awiriwo. Panadutsa zaka 12 popanda filimu ina yaikulu ya Marvel kapena DC imene mwini nkhani ndi mkazi. Ndipo si zongoganizira. Akuba a pa intaneti atathyola makompyuta a kampani ya Sony mu 2014, panatuluka imelo imene Ike Perlmutter, yemwe anali bwana wamkulu wa Marvel, analembera bwana wa Sony. M'menemo anandandalika Elektra, Catwoman ndi Supergirl ya 1984 ngati zitsanzo za mafilimu a akazi amene analephera. Mafilimu atatu okha pa zaka 21, n'kukhala umboni wokwanira.

Tsopano taonani mbali ya abambo. Batman & Robin ya 1997 inali yochititsa manyazi moti George Clooney mpaka pano amaipepesa mwanthabwala. Mu 2005 Batman anabweranso ndi wosewera watsopano ndi chikwama chatsopano. Ben Affleck anasewera Daredevil mu 2003, anthu ambiri sanaikonde, koma mu 2016 anamuveka chovala cha Batman. Ryan Reynolds anagwa chagada ndi Green Lantern mu 2011, patangotha zaka zisanu anamupatsa Deadpool. Spider-Man pakati pa 2002 ndi 2017 anaseweredwa ndi amuna atatu osiyana. Palibe bwana amene analemba imelo yoti amuna sagulitsa.

Atawatsegulira chitseko akazi, chinachitika n'chiyani? Wonder Woman anayamba kuoneka m'makomiki mu 1941, koma anadikira zaka 76 kuti akhale ndi filimu yakeyake yaikulu yosewera anthu. Itatuluka mu 2017, yotsogoleredwa ndi mzimayi, Patty Jenkins, inapanga madola oposa 800 miliyoni. Ku Marvel, kuyambira pa Iron Man ya 2008, anapanga mafilimu 20 asanalole mkazi kukhala mwini filimu payekha. Ya nambala 21, Captain Marvel ya 2019, inapanga madola oposa 1 biliyoni. Chadwick Boseman atamwalira mu 2020, Wakanda Forever ya 2022 inasenzedwa ndi Letitia Wright, Angela Bassett, Lupita Nyong'o ndi Danai Gurira, n'kupanga madola oposa 850 miliyoni. Pa zonsezi zifukwa sizinasowe. Akuti Captain Marvel inakwera pamsana pa Endgame, akuti Wakanda Forever anthu anapitira maliro. Mkazi akapambana amati wachita mwayi.

Kenako inafika The Marvels mu Novembala 2023, n'kugwa. Inapanga madola pafupifupi 206 miliyoni, zochepa kuposa filimu ina iliyonse ya gulu la Avengers kufika nthawi imeneyo, chikhalirecho inadya ndalama zambiri poipanga. Nyimbo yakale ija inayambiranso pomwepo. Koma amene ankaimbawo ankadumpha mfundo zingapo. Osewera mafilimu ku America anali atanyanyala ntchito kwa masiku 118, ndipo sitirakayo inatha kutangotsala tsiku limodzi kuti filimuyo ituluke. Brie Larson, Teyonah Parris ndi Iman Vellani sankaloledwa kuilengeza m'miyezi yonse imene filimu imafunika kulengezedwa. Kuti uimvetse bwino unafunikanso kuonera kaye WandaVision ndi Ms. Marvel pa Disney+, zimene anthu ambiri analibe nazo nthawi. Komanso chaka chimenecho mafilimu a ngwazi anali pa mavuto mbali zonse. The Flash inaluzitsa ndalama zankhaninkhani, pomwe Shazam yachiwiri ndi Blue Beetle, zonse za amuna, iliyonse sinafike ndi pa madola 140 miliyoni pomwe. Munamvapo wina akunena kuti nthawi ya amuna yatha?

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi cha Nia DaCosta, mzimayi wakuda woyamba kutsogolera filimu ya Marvel. Bob Iger, yemwe anali bwana wa Disney pa nthawiyo, atafunsidwa za kugwa kwa filimuyo, anati inajambulidwa nthawi ya Covid ndipo panalibe mabwana okwanira oyang'anira ntchito pamalo ojambulira. Tamvani bwino. Vuto akuti linali loti sanamuyang'anire mokwanira. Mawu amenewa ambiri a ife si achilendo.

Za atolankhani sizinayambe dzulo. Mu 2012, polengeza Avengers yoyamba, mtolankhani wina anafunsa Robert Downey Jr. funso lozama la khalidwe la Tony Stark, n'kutembenukira kwa Scarlett Johansson kumufunsa za zakudya zimene ankadya kuti thupi likhale bwino. Johansson anadandaula pomwepo. Pa zokambirana zina anamufunsa ngati amavala zamkati pansi pa chovala cha Black Widow. Mu 2015, mu Age of Ultron, ndi Black Widow amene amatsika m'ndege ali pa njinga yamoto, koma chidole cha gawo limenelo chinatuluka chili ndi Captain America pa njingapo. Munthuyu anayamba kuoneka mu Iron Man 2 mu 2010, koma filimu yakeyake anamupatsa mu 2021, atamupha kale mu Endgame. Ndipo Johansson atasumira Disney pa nkhani ya malipiro a filimu imeneyo, kampaniyo inaulula poyera kuti analandira kale madola 20 miliyoni, n'kumunena kuti salabadira mavuto a Covid. Uthenga wake unali womveka kwa aliyense: mkazi wofunsa zake ndi wadyera. Nkhaniyo anakaithetsera kunja kwa khoti.

Brie Larson naye analakwa chiyani? Mu 2018 ananena pagulu kuti olemba ndemanga za mafilimu ambiri ndi azibambo achizungu, ndipo anapempha kuti akazi ndi anthu a mitundu ina azipatsidwanso mpata. Sankalota. Kafukufuku wa ku University of Southern California anali atapeza kuti pa ndemanga za mafilimu 100 otchuka a 2017, pafupifupi 78 pa 100 zilizonse zinalembedwa ndi amuna. Pa mawu amenewo, khamu la anthu linakhamukira pa Rotten Tomatoes kukanyoza Captain Marvel isanatuluke n'komwe, mpaka tsambalo linatseka mwayi wolemba ndemanga pa filimu imene sinayambe kuonetsedwa.

Mudziwenso kuti mkwiyo umenewu ndi geni. Pa YouTube munthu amalipidwa molingana ndi kuchuluka kwa oonera, ndipo palibe chimene chimaitana anthu ngati ukali. Nde mnyamata amaika chithunzi cha Brie Larson atakwinya nkhope, mutu wa zilembo zikuluzikulu, mphindi 20 akutukwana, mawa lake chimodzimodzi. Masamba ena a nkhani amatola zomwezo n'kulemba kuti okonda mafilimu akwiya. Zikamafika pa magulu athu a WhatsApp zimakhala zasanduka choonadi, ndipo mnzako wa m'kalasi amene sanaonere n'komwe filimuyo amakuuza motsimikiza kuti akazi awononga Marvel.

Pamenepa ndisakhale wachinyengo. Disney si mpulumutsi wathu, ndi kampani yofuna phindu. Kuika mkazi pa posita sikusandutsa filimu kukhala yabwino. Kagawo kaja ka mu Endgame kamene akazi onse amangopezeka aima pamodzi mwadzidzidzi, ine sikanandigwire mtima, kanali kongotipaka mafuta pakamwa, makamaka poti anali atangopha kumene Black Widow. The Marvels ili ndi mdani wosakumbukika ndipo nkhani yake imathamanga ngati yathawa ngongole, ngakhale Iman Vellani amandiseketsa nthawi iliyonse akaoneka. Madame Web ya 2024 ndinaimaliza chifukwa chomvera chisoni bandulo yanga. Koma kampani yomweyo ya Sony inatulutsanso Morbius ndi Kraven the Hunter, zoipa mofanana, ndipo Kraven inapanga ndalama zochepa kuposa Madame Web. Chimene ndikupempha si choti tiziombera m'manja chilichonse chokhala ndi mkazi. Ndikupempha kuti filimu yoipa ya mkazi izingotchedwa filimu yoipa, basi, mawa apange ina.

Chondilimbitsa mtima n'choti kudandaula kumagwira ntchito. Mu 1994, m'komiki ya Green Lantern, ngwaziyo inafika kunyumba n'kupeza chibwenzi chake chaphedwa n'kupanikizidwa mu firiji. Mtsikanayo anaphedwa n'cholinga chimodzi chokha, choti mwamunayo akwiye nkhani ipite patsogolo. Mu 1999 mzimayi wina wokonda makomiki, Gail Simone, anayamba kulemba mndandanda wa akazi a m'makomiki amene anaphedwa, kugwiriridwa kapena kulandidwa mphamvu mwa njira yotereyi, n'kuutcha Women in Refrigerators. Mndandandawo unatalika mochititsa manyazi. Simone pambuyo pake anadzakhala mlembi wa makomiki a Wonder Woman ndi Batgirl. Anayamba ngati ife, wowerenga wotopa.

Nawo a Dora Milaje, asilikali ometa mpala a ku Wakanda amene tonse timawakonda, atayamba kuoneka m'makomiki mu 1998 anali atsikana osankhidwa m'mafuko kuti aziteteza mfumu uku akuyembekezera kuti mwina idzawakwatira. Filimu ya 2018 inataya zimenezo. Okoye amene tinamuona, woseweredwa ndi Danai Gurira yemwe anakulira ku Harare, ndi mkulu wa asilikali wotha kuuza mwamuna wake maso ndi maso kuti pa nkhani ya dziko sangamusiye. Zovala za filimu imeneyo zinapatsa Ruth E. Carter Oscar mu 2019, ndipo atapambananso mu 2023 anakhala mzimayi wakuda woyamba kukhala ndi ma Oscar awiri. M'bwalo la akuluakulu a Wakanda munalinso malemu Connie Chiume a ku South Africa, amene bambo awo anali a ku Usisya ku Nkhata Bay. Ndipo apa pa Zambia, Malenga Mulendema analenga Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a ku Lusaka opulumutsa mzinda wawo, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, yolembedwa ndi azimayi a mu Africa okhaokha. Nkhani zimasintha cholembera chikasintha dzanja.

Mwina mukufunsabe kuti zonsezi zikutikhudza pati, ife amene tikulimbana ndi lendi ndi mtengo wa shuga. Zikutikhudza chifukwa lamulo lake ndi lomwe lija tinakula tikulimva, loti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Bambo galimoto ikamuzimira pa mphambano anthu amati yavuta batire. Ikazimira mayi, kondakitala amatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti ndi mzimayi. Amene munakhalapo mkazi yekhayo m'kalasi ya uinjiniya kapena pa msonkhano wa ku ofesi mukudziwa kulemera kwake. Sulakwa wekha, umalakwira akazi onse amene akubwera m'mbuyo mwako. N'chifukwa chake ambiri timaopa kuyesa. Ndipo mafilimu amenewa ndi amene ang'ono athu, anyamata ndi atsikana omwe, akuphunzirako kuti ngwazi imaoneka bwanji.

Nde asisi, pempho langa ndi laling'ono. Musanagawe vidiyo yonyoza filimu, taonani kaye kuti wapanga ndani ndipo amadya chiyani pa ukali wanuwo. Wina akati filimu yagwa chifukwa cha akazi, mufunseni za Green Lantern, The Flash ndi Kraven, muone ngati ayankhe. Mukaonera filimu, lembani maganizo anu pa Facebook kapena pa TikTok, kaya mwaikonda kaya yakunyansani, m'Chichewa chomwechi. Pa ndemanga 100 zija, 22 zokha zinali za akazi, ndipo sadzatiitana ndi kalata kuti tidzawonjezere. Ndipo ngati kwanu kuli kamtsikana kamene kamasuzumira pakhomo pamene anyamata akuonera, kasunthireni mpando kalowe. Muyambe ndi Black Panther, pagawo lija Okoye amavula wigi n'kuiponya kumaso kwa mdani.