ZA PA TEBULO LA MLEMBI: Mau a Nkhalamba Ndinawasesa Ndekha

Sabata ino sindilemba za malipiro kapena za kutumiza ndarama kwathu monga ndicita nthawi zonse. Ndiri ndi mlandu, ndipo wopalamula ndine mwini. Ndaona kuti nkwabwino ndiuulule poyera kuti wina asagwe m'dzenje lomwelo.

Kuno ku komboni kwathu tiri ndi kwaya ya amuna 14. Wotsogolera mau a besi anali bambo wina wa ku Dedza, amene anayamba kutsika mumgodi ine ndisanabadwe. Nchito yao inatha, ndipo Lolemba anayenera kukwera basi kunka kwao. Cotero Lamulungu madzulo tinapangana kuwajambula mau pamodzi ndi kwaya, pakuti ziripo nyimbo zakale zimene iwo okha adziwa ndime zace zonse. Anzanga anandipatsa ine nchitoyo, ati popeza ndine mlembi ndidziwa kusunga zinthu. Ndinatsegula laputopu yanga, ndi kujambula ndi pulogalamu yaulere ija ya Audacity mphindi 40. Tikuyimba nyimbo yomariza magetsi anazima, ndipo laputopu, imene batire yace inafa kale, inazimira pomwepo. Ine ndinali ndisanasunge kanthu.

M'mawa titaperekeza bambo aja ku basi, ndinayatsa laputopu, ndipo inandiuza kuti malo atsala pang'ono. Ndinafunafuna mafayilo akulu, ndipo m'foda yochedwa SessionData ndinapeza imodzi yoposa 800 MB, dzina lace lothera ndi mau akuti aup3unsaved. Ndinati mumtima, izi nzinyalala za makina. Ndinaifufuta, ndi kukhuthulanso bini, ndi kulowetsamo zithunzi za mnzanga. Abale, fayilo imeneyo inali kwaya yathu yonse. Safunsa anadya phula.

Tsopano mverani m'mene zinthuzi ziyendera. Mukamajambula, mau sakhala m'mwamba ai, pulogalamu iwalemba pa disiki nthawi yomweyo. Ngati nchitoyo simunaipatse dzina ndi kuisunga, Audacity iika mauwo m'foda ya zinthu zongoyembekezera. Makina akazima mwadzidzidzi, mauwo atsala momwemo, ndipo mukatsegulanso pulogalamuyo ikufunsani ngati mufuna kubweza nchito yotayikayo. Ine ndikadangotsegula Audacity ndisanayambe kusesa, zonse zikadabwera. Wokonza makompyuta wa m'tauni anayesa kundithandiza, koma anati pamalo paja palembedwa kale zina.

Kukula kwa fayilo kusakunyengeni. Makina ayesa mau nthawi 44,100 pa sekondi imodzi. Pa CD, mphindi imodzi ya mau a mbali ziwiri idya malo ngati 10 MB, koma Audacity pa kacitidwe kace ka masiku onse idya ngati 20 MB. Cotero ora limodzi lipitirira 1 GB. Fayilo yaikuru ya dzina lacilendo kawirikawiri ndiyo cuma canu ceniceni.

Ku ofesi kwathu tidziwa bwino kuti kapepala ka pensulo si buku lalikuru. Kapitao akabweretsa mawerengedwe a masiku a anthu, sititaya kapepalako kufikira talowetsa zonse m'buku, ndipo bukulo liri ndi linzace kwina. Mwambo womwewo ndauika tsopano pa nyimbo, ndipo ndikupatsani malamulo anga asanu.

Loyamba: sungani nchito musanayimbe ndi liu limodzi lomwe. Ipatseni dzina ndi tsiku, ndipo pakutha nyimbo iri yonse dinani Ctrl ndi S.

Laciwiri: musasese foda ya zongoyembekezera, kapena kulola mapulogalamu osesa disiki kulowamo, musanatsegule pulogalamu ya nyimbo ndi kuona kuti palibe coti cibwezedwe.

Lacitatu: dziwani kumene mau anu akhala. Kufikira caka ca 2021, Audacity inali kusunga nchito pawiri: kafayilo kakang'ono ka aup, ndi foda yothera ndi mau akuti _data yodzala ndi tizidutswa tambirimbiri ta mau. Anthu ambiri analira cifukwa anatenga kafayilo kokha ndi kusiya fodayo. M'mwezi wa March 2021 inaturuka Audacity 3.0, imene iika zonse m'fayilo imodzi ya aup3. Amene muli ndi nchito zakale, musalekanitse ziwirizo. Ndipo inu anyamata a FL Studio, fayilo ya flp ilibe mau amene munajambula, ingoloza kumene ali. Potumizira mnzanu, isungeni monga zip kuti mau apite nao. A Ableton Live ali ndi lamulo lace lochedwa Collect All and Save, limene lisonkhanitsa zonse m'foda imodzi.

Lacinai: mukatha kujambula, turutsani fayilo ya WAV tsiku lomwelo. Nchito ya pulogalamu itseguka m'pulogalamu yace yokha, koma WAV imveka pa makina ali onse, ngakhale patapita zaka. MP3 njabwino potumiza pa WhatsApp, koma itaya mbali ya mau kuti icepe, cotero musaiyese mbeu yosungira.

Lacisanu: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo imodzi ikhale kutali ndi nyumba yanu. Odziwa za makina achula lamulo limeneli 3-2-1. Kope yokhala pa disiki lomwelo si kope ai, pakuti mbala ikaba laputopu yatenga zonse ziwiri, monga moto ukagwira nkhokwe ziwiri zomangidwa pamodzi. Ine ndiika imodzi pa laputopu, ina pa fulashi m'bokosi langa, ndi ina pa intaneti. Pokopera, yambani mwatseka pulogalamu, cifukwa pamene iri yotsegula mbali ina ya nchito ikhala m'timafayilo tina tapambali. Dziwaninso kuti fulashi ya mtundu wa FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB. Pomariza tsegulani kopeyo ndi kuimvera ndi makutu anu, pakuti kope yosayesedwa iri ngati envulopu yomata imene simunaonemo ngati muli ndarama.

Cimene cinandibvuta koposa ndico kuuza anzanga. Ndinakhala masiku atatu ndisanalimbe mtima, ndipo nditawauza panali cete ngati pa maliro. Pambuyo pace ndinaimba foni ku Dedza ndi kupepesa. Bambo aja anaseka nati, "Mwana wanga, madzi akatayika saoleka, koma citsime cikalipo. Udzabwere pa Krisimasi ndi makina akowo." Ndabvomera, ndipo ndayamba kale kusunga ya basi. Koma pa kuseka kwao ndinamva cifuwa cija ca pfumbi la mumgodi, ndipo mtima wanga sunakhazikike kufikira lero.

Ngati muli ndi mau a makolo anu pa foni kapena pa laputopu, musayembekeze Loweruka. Akopereni usiku uno. Tsalani bwino, tidzaonana sabata ya mawa.

Ine wanu,
Mlembi wa pa Mgodi.