Buku la zithunzi tiliyese bwanji tisanagule?

Kutsekedwa kwa bungwe la USAID mu 2025 kwakhudzanso ana athu. Bungweli linkathandiza National Reading Programme, ndondomeko ya boma yomwe inayamba mu 2016 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 azidziwa kuwerenga. Thandizo lotere likachepa, mtolo wopezera ana mabuku umagwera ife makolo, pomwe ndalama ikusowa. Choncho tisamagule mwachimbulimbuli.

Ambirife timakopeka ndi chikuto chonyezimira. Koma muyeso wake ndi uwu: phimbani mawu ndi dzanja, mwana afotokoze nkhaniyo poona zithunzi zokha. Akakwanitsa, wojambulayo anaidziwa ntchito yake. Kenako werengani mokweza. Lilime likamapunthwa, bukulo lisiyeni.

Ku Mangochi ana ambiri amalankhula Chiyao pakhomo, Chichewa ndi Chingerezi amakazipeza kusukulu. Kwa mwana wotere, chithunzi cha bwato, ukonde kapena usipa ndicho chimamuthandiza kugwira mawu achilendo. Mabuku akunja ndi abwino ndithu, koma tiyambe ndi zomwe mwanayo amazidziwa.

Amene muli ndi foni ya intaneti, yesani muyesowu pa nkhani zaulere za Chichewa za African Storybook musanatulutse kwacha pamsika.