DZINA LA TIMU SI CHIKWANGWANI CHA SITOLO

Ndangobwera kumene kuchokera ku tchuthi kwathu kwa Chigaru, ndipo ndabwera ndi mkwiyo. Ndikudziŵa kuti pa masamba ano tidazoloŵera kuŵerengapo ndakatulo ndi nthano, choncho ena a inu mufunsa kuti kodi za mpira zaloŵa bwanji muno. Pirirani nane. Inu amene mumati mpira ndi zachibwana ndinu nomwe mumadzadza chipinda cha kanema Loŵeruka masana, mabuku mutawasiya pa bedi. Tsono tiyeni tikambirane.

Kumudzi kwathu kuli timu ya mpira wamiyendo. Adaiyambitsa ndi atate athu akali anyamata, masiku omwe ankamenya chikulunga, ndipo adaitcha dzina la dambo limene lili kumunsi kwa mudzi, komwe timamwetsa ziŵeto. Bwalo adalilambula okha ndi makasu, mitengo ya magolo adakadula okha. Chaka chino mkulu wina wamalonda, amene sindimutchula dzina, adagulira timuyi jezi, mipira iŵiri ndi wenzulo. Pempho lake lidali limodzi lokha: kuti timu izitchedwa dzina la sitolo yake. Komiti idavomera madzulo omwewo, mochita kuomba m'manja.

Mwezi usadathe, jezi ya nambala naini idapatsidwa kwa mphwake wa mwini sitoloyo, mnyamata waulemu ndithu, koma amene mpira ukamufika kumapazi amachita ngati waponda moto. Litafika tsiku lolimbirana chikho, mkulu uja adatulukira pa galimoto ndi anyamata atatu aganyu ochokera m'tauni, amene ngakhale njira ya kudambo kuja saidziŵa. Msuweni wanga, yemwe wakhala akuseŵera pakati kuyambira ali ku pulayimale, adauzidwa kuti akhale panja. Chifukwa chake? Akuti sachinya.

Tsiku la msika ndidapita pa Lirangwe, ndipo ndidapeza anyamata a kabaza ndi ochemerera ena ali pa mkangano wa nkhani yomweyi. Ena ankati mphunzitsi wa timu ndi wamantha. Ena ankati aganyu ndiwo adatipulumutsa. Ena ankaŵerenga zigoli pa zala kuti aonetse kuti msuweni wanga ndi katundu chabe. Ndidamvetsera mpaka dzuŵa lidapendeka, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adatchula za dzina. Pambali padali gogo wina wokonza njinga, mmodzi wa omwe adalambula bwalo lija, ali chete ndi sipanala yake. Ndidamuyandikira nkunjuta.

“Agogo, nanga inu mukuionapo bwanji nkhaniyi?”

“Mdzukulu wanga,” adatero iwo, “munthu akagula mbuzi amatenga ndi chingwe chomwe. Mudagulitsa dzina, nanga mukulirira chiyani?”

Mawu ameneŵa ndiwo mutu wa nkhani yanga. Wogula dzina la timu sagula zilembo zokha ayi. Amagulanso mphamvu yonena kuti uyu aseŵere, uyu akhale panja. Ife ochemerera timatha malovu kukangana za mayina khumi ndi limodzi olembedwa pa pepala la mphunzitsi, osaona kuti mkanganowo tidaugonja kale tsiku lomwe tidalola kuti dzina la pamwamba pa pepalalo likhale la munthu wina.

Musaganize kuti matendaŵa ndi a kwa Chigaru kokha. Komiti ya kwathu idangotengera zimene akuluakulu a mpira m'tauni akhala akuchita kuyambira kale. Taonani Manoma. Timu imodzi yomweyo, ya pa mseu wa Lali Lubani, yatchedwapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers ndiponso Mighty Mukuru Wanderers. Njinga zamoto, fodya, lamya, galimoto zakale zochokera ku Japan, kutumiza ndalama: zonsezi zakhala kutsogolo kwa dzina la timu. Aneba awo Maule nawo adali Bata Bullets, kenaka Total Big Bullets, kenaka Bakili Bullets, kenaka Nyasa Big Bullets, mpaka mu 2023 kutsogolo kwake kudawonjezeka zilembo za banki. Mwana wofuna kuphunzira mbiri ya mpira wa m'Malaŵi amayamba waloŵeza mbiri ya makampani. Ngakhale bwalo lenilenilo limene matimu aŵiriŵa akhala akumenyeranapo lidali Rangeley, lidakhala Kamuzu, lidasanduka Chichiri, nkubwereranso kukhala Kamuzu. Mayina kuno amasintha ngati mphepo ya mwezi wa Ogasiti.

Nkhani ya Bakili Bullets ndiyofunika kuiunika bwino, chifukwa ili ndi mbali ziŵiri ndipo sindifuna kubisa ina. Mu 2003 a Bakili Muluzi, ali mtsogoleri wa dziko, adayamba kuthandiza timuyi, ndipo idatenga dzina lawo. Ndalama zidagwira ntchito, zimenezo palibe angakane. Mu 2004, mphunzitsi ali Kinnah Phiri, Bullets idafika mu ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa, malo amene matimu athu saafika wambawamba. Koma taganizani za munthu amene adakonda timuyi kuyambira masiku a Bata, pomwe chipani chake chidali china. Ankati akafuula dzina la timu yake, wafuulanso dzina la munthu wandale. Timu yotchedwa ya anthu idavala dzina la munthu mmodzi. Ndipo thandizolo litatha, zaka zotsatira zidali za umphaŵi ndi ngongole, oseŵera nkumadandaula za malipiro. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo, ndipo wothandiza timu akachoka sasiya thumba lake.

Tsopano ndikufunseni funso. Ligi yathu yaikulu idayamba mu 1986. MDC United idatenga ligiyi mu 1988, ndipo ADMARC Tigers idaitenga mu 1989. Kodi MDC United ili kuti lero? Nanga Hardware Stars? Nanga ESCOM United, imene nayo idanyamulapo ligi? Onseŵa adapita. Koma Tigers, ADMARC itaisiya, idapitirirabe, nkudzatchedwa Azam Tigers, kenaka Mighty Tigers. Bullets ndi Wanderers asinthanitsa othandiza kangapo konse koma akadalipo. Sindikunena kuti dzina lokha ndilo limasunga timu, pakuti pamafunikanso anthu oikonda. Koma anthu amakonda chinthu chimene ali nacho pogwira. Mawu oti Bullets, Wanderers ndi Tigers ndiwo adali pogwira pa ochemerera pamene makampani ankabwera ndi kupita. Ukachotsa MDC pa MDC United umatsala ndi chiyani? Timu ya kwathu lero ili m'gulu lomwelo. Sitolo ija ikadzatsekedwa, dzina la dambo lija ana adzakhala ataliiŵala, ndipo sipadzatsala kanthu koti munthu aimbire nyimbo.

Ndikumva kale ena a inu, makamaka anzanga ophunzira za chuma, mukuti: “Iwe, mpira sudya dzina. Jezi, nsapato ndi galimoto yopitira ku maseŵero zimafuna ndalama.” Mukunena zoona, ndipo ine sindikuti tithamangitse othandiza. Mkulu wa sitolo uja adachita chimene ambiri opeza bwino kwathu sadachitepo, ndipo ayenera kuthokozedwa. Chimene ndikukana ndi mtengo umene tidalipira. Pa jezi pali malo okwanira pachifuŵa ndi kumsana. Alembe pamenepo dzina la sitolo yake ndi zilembo zazikulu, aliyense aŵerenge. Highlanders ya ku Bulawayo, imene idayamba mu 1926, yakhala ndi othandiza osiyanasiyana koma anthu amaidziŵa ndi dzina lake. Simba ndi Yanga ku Dar es Salaam chimodzimodzi. Arsenal imene mumaichemerera m'chipinda cha kanema ili ndi dzina la kampani ya ndege pachifuŵa ndi pa bwalo lake, koma timuyo ndi Arsenal basi. Mlendo timampatsa mphasa ndi chakudya, ngakhale chipinda, koma sitisintha mfunda wathu chifukwa choti watibweretsera mchere.

Nkhani ya matimu obadwira pa ntchito, monga Blue Eagles ya apolisi, Red Lions ya asilikali, kaya Silver Strikers ya banki yaikulu ya dziko, ndi ina. Amenewo adabadwa ndi eni ake ndipo palibe chimene adagulitsa. Ine ndikunena za timu imene anthu adaiyambitsa ndi thukuta lawo, nkudzaipereka chifukwa cha mipira iŵiri.

Tibwere tsopano ku mlandu wa msuweni wanga, woti sachinya. Apa ndiye ochemerera tili ndi tchimo lathulathu, ndipo tchimo limeneli ndilo limapatsa mpata wogula dzina kuti achite zofuna zake. Timayesa woseŵera ndi muyeso umodzi wokha, chigoli. Tonse tidamva za zigoli 71 zimene Kinnah Phiri adachinyira Flames, ndipo nzoyenera kuti tizimve. Koma Flames imene idatenga chikho cha Kum'maŵa ndi Pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979 sidali ya munthu mmodzi. Kumbuyo kudali anthu onga Jack Chamangwana, amene ntchito yawo idali yoti chigoli chisaloŵe. Mu Januwale 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango adachinya Morocco chigoli cha kutali chimene dziko lonse lidachikamba, ngakhale tidagonja 2-1. Koma ndi angati a inu amene mungatchule dzina la goloboyi amene adatchinga mipira yambirimbiri usiku umene uja kuti tisachite manyazi? Munthu amene amalanda mpira pakati, kutseka njira, nkupatsira mnzake mwaulemu, ntchito yake siimveka pa wailesi. Imaoneka tsiku limene iye palibe. Kwathu idaoneka ndithu: aganyu aja ankadikira mpira kutsogolo, manja m'chiuno, koma wowapatsira adali atakhala pa udzu kunja kwa bwalo.

Ku America kuli maseŵero otchedwa baseball, omenya kampira ndi chibonga, ndipo ochemerera ake amakangana nkhani ziŵiri zomwezi. Mu 2002 timu ya Oakland Athletics, imene idalibe ndalama zambiri poyerekeza ndi zinzake, idasankha oseŵera poŵerengera zinthu zimene matimu olemera ankazinyoza, makamaka kuti munthu amafika kangati pa malo oyamba osatulutsidwa. Idatola anthu amene ena adawataya, ndipo chaka chimenecho idapambana maseŵero 20 motsatizana. Phunziro lake nlakuti wosauka ndiye ayenera kupenyetsetsa kuposa wolemera, chifukwa alibe ndalama zogulira dzina la munthu wotchuka kale. Pa za mayina, timu ya mumzinda wa Cleveland idatchedwa Indians kuyambira 1915, ndipo eni nthaka a dzikolo adadandaula kwa zaka zambiri kuti dzinalo ndi chithunzi chake zinkawanyoza. Mu 2022 idayamba kuseŵera ndi dzina loti Guardians. Ena adakondwa, ena adakwiya. Koma taonani kuti kumeneko dzina lidasintha patapita zaka zoposa zana, anthu atakangana mpaka kutopa, chifukwa onse, ovomera ndi okana, ankadziŵa kuti dzina ndi chinthu cholemera. Kwathu lidasintha madzulo amodzi, anthu akuseka.

Ndipo zisadzakudabwitseni zikadzafika poipa kuposa apa. Aliyense wokulira kumudzi akudziŵa kuti chisankho chikayandikira zikho zimamera ngati bowa, chilichonse chili ndi dzina la wofuna mpando. Anyamata amathyoka miyendo pa mabwalo a miyala kulimbirana mbuzi ndi tindalama, ndipo mavoti akaŵerengedwa chikho chija sichionekanso. Mudzi umene udazoloŵera kugulitsa dzina la timu kwa wamalonda sudzavuta kuligulitsa kwa wandale.

Tsono ndikupempha zinthu zitatu, ndipo ndikupempha inu amene mudzabwerere kumidzi yanu pa tchuthi chikudzachi, kumene anthu amakumverani chifukwa mudafika ku koleji. Choyamba, timu iliyonse ilembe malamulo ake, ngakhale m'kope la ana asukulu, ndipo lamulo loyamba likhale loti dzina silisintha popanda msonkhano wa mudzi wonse. Chachiŵiri, wothandiza alandiridwe ndi manja aŵiri, dzina lake lilembedwe pa jezi, koma wosankha oseŵera akhale mphunzitsi yekha, ndipo zimenezi zinenedwe poyera mphatso isadalandiridwe. Chachitatu, inu amene mumadziŵa masamu, tengani kope ndi pensulo mukakhale m'mbali mwa bwalo. Lembani amene walanda mpira, amene wautaya, amene wapatsira bwino. Tsiku lina wina akadzati mwana wa uje ndi katundu, mudzakhale ndi choonetsa.

Kwa aphunzitsi athu amene mumatiphunzitsa kuti azungu adasintha mayina a mapiri ndi mitsinje yathu, ndipo timagwedeza mitu m'kalasi mwachisoni, ndikuti bwerani kwa Chigaru mudzaone. Kulibe mzungu kumeneko. Dzina la dambo lathu tidalichotsa tokha, ndipo tidaomba m'manja.

Msuweni wanga akupitabe kubwalo madzulo aliwonse. Jezi yatsopano sadapatsidwe, choncho amavala yakale ija, yong'ambika pakhosi, imene kumsana kwake kuli dzina la dambo lolembedwa ndi penti. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndikapempha a mfumu kuti aitanitse msonkhano, ndipo gogo wokonza njinga uja walonjeza kuti adzayamba ndiye kulankhula.