Funsani Amalume: Matochi andithera ndalama

Amalume,

Ndine bambo wa zaka 41, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana anayi. Ndimagwira ntchito yaulonda pamalo ena osungira katundu ku Kanengo. Kuchoka pageti kukafika kumpanda wakumbuyo ndi mamita pafupifupi 150.

Chaka chino chokha ndagula matochi atatu, onse ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Mwezi watha akuba adaboola mpanda wakumbuyo n'kuba matayala awiri. Ndidamva phokoso, ndidawalitsa, koma kuwala kudathera panjira. Abwana andichenjeza kuti zikachitikanso ntchito yatha.

Ndikufuna tochi yaing'ono yolowa m'thumba la yunifolomu koma yoona patali. Venda wina akuti ali nayo ya ma lumens 100,000. Ndigule?

Mlonda wodandaula,
Lilongwe

Achimwene,

Pepani ndi zomwe zidakuonekeranizo. Mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa adadya phula. Yankho langa n'lakuti musagule. Tochi yolowa m'thumba, ya batire limodzi, ikalimbikira imasewera pa ma lumens 1,000 kapena 2,000, ndipo kwa mphindi zochepa chabe. Za 100,000 zo ndi inki ya pakatoni basi.

Komanso ma lumens si amene amafikitsa kuwala patali. Ganizirani paipi yothirira ndiwo kudimba. Ma lumens ndi kuchuluka kwa madzi otuluka m'paipimo. Mukatsina kukamwa kwa paipiyo ndi chala, madzi omwewo amathamanga n'kukagwa kutali. Kutsinako pa tochi amakuyeza ndi candela, ndipo pakatoni amalemba mwachidule kuti cd. Nambala yofunika kwa inu ndi imeneyo.

Masamu ake ndi awa: tochi ya 10,000 cd amailemba kuti imafika mamita 200, ya 40,000 cd mamita 400. Mwaona? Kuti mtunda uwirikize kawiri, mphamvu iyenera kuwirikiza kanayi.

Koma samalani. Makampani odalirika amatsata muyezo wotchedwa ANSI FL1, womwe udakhazikitsidwa mu 2009. Pamuyezowu, mamita olembedwawo ndi pamene kuwala kwa tochi kwafooka mpaka kufanana ndi kwa mwezi wathunthu. Kuwala kotero mutha kuona kuti chinachake chikuyenda, koma simungadziwe ngati ndi galu kapena munthu wanyamula tayala. Ndiye nambala ya pakatoni muziigawa pawiri. Bwalo lanu la mamita 150 likufuna tochi yolembedwa mamita 300 kapena kuposerapo, kutanthauza 22,500 cd kupita m'tsogolo.

Mukaigwira m'manja, suzumirani kumutu kwake. Kambale konyezimira kam'katimo kakhale kakuya ndi kosalala ngati galasi, ndipo kababu ka LED kali pansi pake kakhale kakang'ono. Mutu wotambalala masentimita atatu kapena anayi ndi wokwanira, ndipo tochi yotalika masentimita 12 mpaka 15 imalowabe m'thumba. Iwalitseni pakhoma. Pakati pazioneka kadontho kowala kwambiri, m'mbali kuwala kofooka koonera pomwe mukuponda. Njokatu sizisamala kuti muli pantchito.

Matochi okoka mutu aja, oti zoom, amasangalatsa pogula. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mukaukoka mutuwo kuwala kwambiri kumatsalira m'kati, ndipo polumikizira pakepo ndi pomwe pamalowera fumbi ndi madzi.

Kunena za madzi, inu mumagwira ntchito ndi m'dzinja momwe. Yang'anani zilembo za IPX. Ya IPX4 imangopirira madzi owaza, pomwe ya IPX7 idayesedwa pomizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Ya mlonda ndi IPX7 kapena IPX8.

Tsopano batire, pomwe ambiri amaberedwa masanasana. Sankhani tochi ya batire lotchaja komanso lochotseka, monga la 18650. Dzinali likungonena msinkhu wake: mamilimita 18 kunenepa, 65 kutalika. Lenileni limasunga mphamvu yofika cha m'ma 3,500 mAh. Mukaona lolembedwa 9,900 mAh, ndiye kuti ndi lachinyengo, ndipo nthawi zambiri limapepuka m'manja. Ikakhala yotchajira pa USB-C ndi bwinonso, chifukwa chingwe cha foni chomwecho chigwira ntchito. Mukapeza kangachepe gulani batire lachiwiri, poti magetsi akathima masana tochi yosatchaja ndi chibonga chabe.

Gulani m'sitolo yopereka lisiti, ndipo mugwirizane kuti mukaiyesa usiku n'kupeza kuti sikufika kumpanda, mudzaibweza. Yotsika mtengo yomwe mwagula katatu yaposa kale mtengo wa yabwino imodzi.

Chomaliza, tochi ndi chida chantchito, ngati khasu kwa mlimi. Alembereni kalata abwana mwaulemu, mufotokoze kutalika kwa bwalolo, mupemphe kuti akugulireni tochiyo komanso aike getsi kumpanda wakumbuyo. Kope la kalatayo musunge. Tsiku lina lidzakuyankhulirani.

Amalume

*

Amalume,

Ndine mayi wa zaka 29 ndipo ndimagwira ntchito pachipatala chaching'ono kumudzi. Ndikaweruka usiku ndimayenda wapansi. Alongo anga adanditumizira tochi yamphamvu kuchokera ku Johannesburg, koma ndikangoiyatsa pang'ono imatentha ndipo kuwala kumachepa kokha. Kodi adawagulitsa yakufa?

Mayi wa ku Ntchisi

Achemwali,

Mtima m'malo, tochiyo ndi yamoyo. Mwina mukuiyatsa pa mphamvu yapamwamba, yomwe amaitcha turbo. Pamenepo LED imatentha kwambiri, ndiye tochi yabwino imadzichepetsa yokha pakatha mphindi zochepa kuti isapse. Turbo ndi yoonera chomwe chakudzidzimutsani uko kutchire, osati yoyendera ulendo wonse.

Dinani batani mupeze mphamvu yapakati, ya ma lumens 200 kapena 300. Imeneyo ndi yokwanira panjira ndipo batire likhalitsa maola angapo. Yotsikitsitsa ndi yowerengera mabuku a odwala. Chonde musawalitse tochi yotereyi m'maso mwa wodwala, khanda kapena woyendetsa galimoto.

Poika m'chikwama, masulani pang'ono chotsekera chakumbuyo. Matochi ambiri achitsulo sayaka mukatero, ndiye siingadziyatse n'kukuotcherani zovala. Batire lapadera musaliike pamodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo chifukwa lingathe kuyambitsa moto. Likatupa kapena chikutiro chake chikang'ambika, lisiyeni, musalitchajenso.

Ndipo tochi isakupatseni mangolomera. Ngati n'kotheka, pezani mnzanu woyenda naye usikuwo.

Amalume