Mphaka wa ku Tsangano apatsidwe mchenga wake

Mlimi wa ku Tsangano safunika kumuphunzitsa ubwino wa mphaka. Kumtunda kuno, m'mapiri a Kirk Range momwe Ntcheu wachita malire ndi Mozambique, chuma cha banja chimagona m'matumba ndi m'nkhokwe: chimanga, nyemba, tirigu, ndi kachewere wosungira mbewu. Pomwe pali zimenezi makoswe sasowa, ndipo mankhwala a makoswe ogula pamsika amapha ndi nkhuku zomwe. N'chifukwa chake mphaka wa aneba akaswa, tiana take timatha kupemphedwa tisanasiye n'komwe kuyamwa. Kamphaka kakafika pakhomo ntchito yake imakhala yodziwika, chakudya chake ndi makombo a nsima ndi timitu ta usipa, pogona kamadzipezera kokha pafupi ndi moto. Funso lomwe silifunsidwa ndi lakuti kazidzithandizira pati. Ine ndikuti funso limeneli si la mphaka yekha ayi, ndi la umoyo wa banja lonse, ndipo kudera lolima ndiwo zamasamba ngati Tsangano ndi lalikulu kuposa momwe lilili m'nyumba za kumpanda ku Lilongwe.

Anthu ambiri amayankha kuti mphaka ndi waukhondo kale, amakumba yekha n'kukwirira. Zoonadi amatero, ndipo saphunzitsidwa ndi munthu. Kholo la amphaka onse apakhomo ndi mphaka wakutchire wa kumadera ouma a kumpoto kwa Africa ndi Middle East, yemwe anayamba kuyandikira anthu atayamba kusunga mbewu. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa limodzi ndi mphaka. Chizolowezi chofuna dothi lofewa ndi louma n'chochokera kwa kholo lakutchire lija. Kamphaka kakabadwa sikatha kudzithandiza kokha, make ndiye amakanyambita kumimba ndi kumbuyo kuti katulutse zoipa, koma pofika masabata atatu kapena anayi kamayamba kupalasa pansi kokha. Vuto ndi lakuti mphaka sakwirira pofuna kuteteza ife. Iye amangobisa fungo, ndipo amasankha paliponse pomwe zala zake zalowa mosavuta. Pakhomo la mlimi malo otere ndi nazale ya kabichi yomwe yangogaulidwa kumene, mulu wa mchenga womangira pomwe ana amaumba timagalimoto, dothi lomwe lili pansi pa nkhokwe, nthawi zinanso mulu wa mbewu zoyanikidwa. Chimbudzi cha galu chimaoneka, munthu n'kuchichotsa ndi khasu. Cha mphaka chimasanduka dothi, ndipo dothilo timaligwira ndi manja.

M'dothi limenelo mumatsala kachilombo kotchedwa Toxoplasma gondii. Kanapezeka mu 1908, pomwe Charles Nicolle ndi Louis Manceaux anakaona m'kanyama kena kangati mbewa ku Tunisia, ndipo chaka chomwecho Alfonso Splendore anakapeza mwa kalulu ku Brazil. Panatenga zaka zoposa 50 kuti madokotala adziwe komwe kamachulukanira. William Hutchison wa ku Glasgow anasonyeza mu 1965 kuti kamafala kudzera m'chimbudzi cha mphaka, ndipo pofika 1970 zinatsimikizika kuti ndi m'matumbo a nyama za mtundu wa mphaka mokha momwe kachilomboka kamapanga timazira totuluka ndi chimbudzi. Mphaka amakatenga akadya khoswe, mbewa kapena mbalame yomwe ili nako. Akangokatenga koyamba amataya timazira mamiliyoni kwa sabata imodzi mpaka masabata atatu, kenako thupi lake limazolowera ndipo kawirikawiri sabwerezanso. Tanthauzo lake n'lakuti mphaka wotaya timazira kwambiri si nkhalamba yomwe yagwira makoswe zaka zisanu, koma kamphaka komwe kangoyamba kusaka, komwenso ana amalimbirana kunyamula. Ndipo pamene mphaka wa m'tauni amadya za m'chitini osakumana ndi khoswe moyo wake wonse, wa kumudzi timamusungira ntchito yomweyo yomwe imamupatsa kachilomboka.

Nyengo ya Tsangano imawonjezera nkhawa. Timazira timeneti timafa msanga padothi lotentha ndi louma, koma m'dothi lozizira ndi lachinyezi timatha kukhala ndi moyo miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka. Kuzizira ndi nkhungu zomwe zimapangitsa kuti kachewere achite bwino kuno ndi zomwezo zimasunga kachilomboka. Mvula ikagwa imakokolola dothi la pabwalo kupita kudimba ndi kuzitsime zosatetezedwa, ndipo klorini yemwe timathira m'madzi, ngakhale amapha tizilombo ta kolera, sapha timazira ta Toxoplasma. Chomwe chimapha timazirato ndi kuwiritsa madzi. Kuchokera kudimba, kaloti, kabichi ndi tomato zimatsikira pa Tsangano Turn-off, pamsewu wa M1, pomwe mabasi ndi magalimoto a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe amaima kuti apaulendo agule. Sindikunena kuti ndiwo za ku Tsangano n'zoopsa kuposa za kwina, chifukwa amphaka ali paliponse ndipo masamba otsuka bwino ndi ophika alibe vuto. Ndikunena kuti dera lomwe dothi lake limadyetsa mizinda lili ndi chifukwa chokwanira chosamalira zomwe zimalowa m'dothimo.

Wina anena kuti makolo athu anakhala ndi amphaka kuyambira kalekale osamva za matenda amenewa. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi anakatengapo kachilomboka, ndipo ambiri sadwala n'komwe, kapena amangomva ngati chimfine. Komanso ambiri sakatenga kwa mphaka mwachindunji, amakatenga m'nyama yosapsa bwino ya nkhumba, mbuzi kapena nkhosa, monga kanyenya wochotsedwa pamoto akadali wofiira m'kati. Koma ziwetozo zimakatenga kuti? Zimakatenga m'msipu, m'madeya ndi m'madzi momwe mwagwera chimbudzi cha mphaka. Ndipo kusamva za matenda sikutanthauza kuti kulibe. Mayi akatenga kachilomboka koyamba ali woyembekezera, kamatha kufika kwa mwana m'mimba: pathupi pamatha kuchoka, mwana amatha kubadwa ndi madzi m'mutu, kapena kubadwa wooneka bwino n'kudzayamba vuto la maso atakula. Kwa munthu yemwe chitetezo chake chatsika chifukwa cha HIV, kachilomboka kamadzuka n'kutupitsa ubongo, ndipo Bactrim yemwe amaperekedwa kuchipatala limodzi ndi ma ARV amathandizanso kutchinga zimenezi. Mbuzi ndi nkhosa nazo zimataya bere chifukwa cha kachilombo komweka. Zonsezi zikachitika pamudzi zimapezerwa zifukwa zina, ndipo tikudziwa kuti kawirikawiri chifukwacho amakhala munthu, mwina gogo wina wosalakwa. Tiwonjezeponso kuti amayi ambiri oyembekezera amalakalaka kudya dothi, ndipo si onse amafunsa komwe dothilo lakumbidwa.

Mwayi wathu uli pa chinthu chimodzi chomwe kachilomboka sikangasinthe. Timazira tikangotuluka mwa mphaka sitingapatsire munthu matenda nthawi yomweyo, timafunika tsiku limodzi mpaka masiku asanu tili panja kuti tikhwime. Mazira a njoka zam'mimba za mphaka, zomwe kamphaka kamayamwira kwa make ndipo zimatha kulowa mwa mwana wosewera padothi n'kuwononga chiwindi kapena diso, amafuna masabata awiri kapena kuposerapo. Ndiye kuti banja lomwe limachotsa chimbudzi cha mphaka tsiku lililonse limataya timazirato tisanakhwime. Koma munthu sangachotse chomwe sakudziwa pomwe chili. Apa ndiye pagona kufunika kopatsa kamphaka malo amodzi odziwika: cholinga si kukalemekeza, koma kuti chimbudzi chake chikhale pomwe ife tingachipeze m'mawa uliwonse.

Kunena kuti zimenezi n'zachizungu, za anthu a ndalama zotayira, n'kusadziwa mbiri yake. Mchenga wa amphaka wogulitsa m'masitolo unayamba mu 1947, pomwe Ed Lowe wa ku Michigan ku America anayamba kulongedza dongo louma m'matumba n'kulitcha Kitty Litter. Zisanatero, azungu omwewo ankagwiritsa ntchito mchenga, utuchi ndi phulusa, zinthu zomwe ku Tsangano sizigulidwa. Beseni lakale losweka m'mphepete kapena chigubu chodula pakati ndi chokwanira, bola khoma lake likhale lalifupi kuti kamphaka kazitha kukwera. Muthiremo mchenga wouma wakuya ngati zala zitatu kapena zinayi zopingasa. Phulusa lokha si labwino chifukwa limamatirira kumapazi ndipo mphaka amadzinyambita, koma lochepa pansi pa mchenga limachepetsa fungo. Kwa kamphaka kakang'ono mchenga wa kumtsinje ndi wabwino kuposanso mitundu ina ya m'sitolo yomwe imaumbika ikanyowa, chifukwa tiana timalawa chilichonse ndipo dongo lotere limatha kutseka matumbo. Beseni likhale pakona yabata, kutali ndi mbale yake ya chakudya, kutali ndi khitchini ndi pomwe pali matumba a ufa. Kamphaka kakangodya kapena kudzuka, kanyamuleni n'kukaika pamchengapo. Masiku ochepa kamayamba kupita kokha, pakuti mchenga ndi womwe kakhala kakufuna. M'mera mpoyamba: mphaka yemwe wazolowera kuseri kwa matumba a chimanga amavuta kumusintha, chifukwa fungo limamuitanira pomwepo ngakhale mutakolopa.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe chiyenera kutha, chogwira kamphaka pakhosi n'kukakanikiza mphuno pomwe kaipitsa, kapena kukamenya ndi tsache. Mphaka sagwirizanitsa chilangocho ndi zomwe anachita ola lapitalo. Chomwe amaphunzira n'chakuti munthu ndi woopsa, ndipo mawa amakabisala pansi pa bedi kapena m'nkhokwe mwenimweni, komwe simungaone. Kamphaka komwe kanazolowera mchenga kakayamba kuipitsa paliponse, kawirikawiri pali chifukwa: mchenga wada ndipo sunasinthidwe, galu kapena ana akukasokoneza, kapena kakutsegula m'mimba. Kutsegulako nthawi zambiri kumabwera ndi mkaka wa ng'ombe, womwe anthu amaupereka mwachifundo koma amphaka ambiri saugaya bwino, kapena ndi njoka zam'mimba. Mankhwala a njoka amayambika kamphaka kakadali ka masabata ochepa n'kumabwerezedwa, ndipo mlangizi wa ziweto ndiye woyenera kunena mtundu ndi muyeso wake. Ndi yemweyonso wobaya katemera wa chiwewe kakakwana miyezi itatu. Panado asayerekezedwe n'komwe, chifukwa paracetamol ndi poizoni kwa mphaka ngakhale kachidutswa chabe.

Ntchito yotaya nayo ili ndi malamulo ake, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri angalakwitse, chifukwa ntchito zonyansa zapakhomo timakonda kuzisiyira amayi ndi ana. Mayi woyembekezera asagwire beseni limeneli, chimodzimodzi munthu yemwe chitetezo chake n'chotsika ndi mwana wamng'ono. Bambo kapena mnyamata wamkulu atole ndi kafosholo kapena chibenthu cha chigubu, ataye m'chimbudzi chokumba, kenako asambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya. Kamodzi pa sabata mchenga wonse uchotsedwe n'kukwiriridwa m'dzenje lakuya kutali ndi dimba ndi chitsime, ndipo beseni litsukidwe ndi madzi owira. Mlimi wozolowera kusandutsa chilichonse manyowa, makamaka pano pomwe thumba la feteleza lakwera mtengo chonchi, adzaona ngati kutaya n'kuwononga. Koma chimbudzi cha mphaka si ndowe ya ng'ombe kapena zitosi za nkhuku. Mulu wa kompositi wapakhomo sutentha mokwanira paliponse kuti uphe timazirato, ndipo kuuthira m'bedi la kaloti n'kubweza m'chakudya zomwe munavutikira kuchotsa.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti mphaka wa kumudzi samangidwa. Akakula amayenda usiku, amadutsa m'minda ya anthu, ndipo ku Tsangano akhoza kuwolokera ku Mozambique n'kubwerako kusanache. Beseni limodzi silingagwire zonse. N'zoona, silingagwire zonse, ndipo n'chifukwa chake kusamba m'manja pochokera kudimba, kutsuka masamba ndi kupsetsa nyama sizingasiyidwe. Komabe miyezi yoyambirira, yomwe kamphaka kamataya mazira a njoka ochuluka ndiponso kugwira khoswe wake woyamba, ndi miyezi yomwe sikapita kutali ndi khonde, ndipo mphaka wozolowera mchenga ali wamng'ono amabwererabe pamalo ake akakula, makamaka m'nyengo ya mvula ndi m'chisanu cha June ndi July pomwe dothi lakunja limakhala lonyowa kapena lozizira. Ena angaganize zongothamangitsa amphaka onse. Atatero, makoswe adzadya mbewu ndi kukodzera chakudya, amphaka osowa mwini adzabwerabe kudzasaka, ndipo amenewo palibe angawapatse mankhwala kapena kudziwa pomwe akwirira. Alangizi a zaumoyo omwe amayenda khomo ndi khomo m'midzi ya kwa mfumu Mpando kuwerenga zimbudzi, thandala la mbale, dzenje la zinyalala ndi mpondagiya angathe kuwonjezera funso limodzi pakhomo lililonse lomwe lili ndi kamphaka komanso mayi woyembekezera: kamadzithandizira pati, nanga amatola ndani?