Mawu Aatali a Chingerezi ndi Lilime la Mwana wa Kunyanja

Tsiku lina ndinaima pazenera la kalasi ina cha ku Malindi, ndikumvetsera kamtsikana ka Sitandade 6 kakulimbana ndi mawu akuti photographer; ndipo katawaduladula mosamala, fo-to-gi-ra-fa, n'kukoka liwu pa phatikizo lotsatana ndi lomaliza monga timachitira ponena kuti usipa kapena Mangochi, anzake anafa nacho chiseko, aphunzitsi nangoti, "Bwereza," osakauza pamene kanaphonya. Mtima unandiwawa.

Mwanayo sanalakwe chifukwa cha umbuli, pakuti m'Chichewa, monganso m'Chiyao chimene anayamwira, phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo n'chifukwa chake makolo athu atalandira school, store ndi bread anazisula kukhala sukulu, sitolo ndi buledi. Koma Chingerezi chili ndi mwambo wina: m'mawu aatali chimasankha phatikizo limodzi n'kuligunda mwamphamvu, ena n'kuwameza, ndipo malo ogundawo sakhazikika. Mu photograph mphamvu ili pa phatikizo loyamba, mu photographer yasamukira pa lachiwiri, mu photographic yafika pa lachitatu, ngakhale tsinde lake ndi limodzi. Anyamata a ku Chembe ndi ku Monkey Bay amene amaperekeza alendo pabwato akudziwa kuti munthu angatchule malembo onse, koma akagunda polakwika mlendo amangotong'ola maso.

Buku la Oweruza limasimba za Aefraimu amene anaphedwa pa madooko a Yordano chifukwa lilime lawo linakanika kutchula mawu amodzi. Ndipo ine sindifuna kuti katchulidwe kasanduke dooko lotere, poimira odzikuza kunyoza ana a asodzi. Komabe kuwasiya osawawongola si chifundo ayi, pakuti m'mera mpoyamba.

Chiyambire 2016, National Reading Programme yalimbikitsa kuphunzitsa ana maliwu ndi maphatikizo, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Chotsala n'chakuti makoleji aphunzitsenso aphunzitsiwo kumva pamene mawu akugunda. Mwana amene wakulira m'bwalo la beni, amene phazi lake limadziwa kale pamene ng'oma ilira mwamphamvu ndi pamene ipepuka, safunika mabuku odula. Aphunzitsi aja akadamenya desiki kanayi, kachiwiriko molimba, ndikhulupirira kuti kamtsikana kaja kakadawatchula mawuwo belu lisanalire.