KABUNGWE KA KU LIVERPOOL KAMENE KANAFIKA KU MWEZI PAPEPALA

Pa 13 October 1933, mu mzinda wa Liverpool ku Britain, amuna owerengeka anasonkhana ndi kukhazikitsa bungwe limene analitcha British Interplanetary Society. Wowatsogolera anali Bambo Philip Cleator. Cholinga chao chinali kutsimikizira anthu kuti munthu angathe kuchoka pa dziko lapansi, kukaponda pa mwezi, ndi kubwerako wamoyo. Sanatumidwe ndi Boma, sanalandire malipiro, ndipo ndalama zoyendetsera ntchito zinali kutuluka m'matumba mwao. Bungwelo lilipo kufikira lero, ndipo ndilo lakale koposa mwa mabungwe otere amene akali ndi moyo. Aphunzitsi ndi antchito a Boma ayenera kuilingalira bwino mbiri yake, pakuti ikuonetsa gawo limene anthu wamba, opanda chuma ndi opanda ulamuliro, angakhale nalo pa ntchito zazikulu za nzeru.

LAMULO LINAWAMANGA MANJA

Chopinga chao choyamba chinali lamulo. Ku Britain kunali lamulo lakale la chaka cha 1875 loyang'anira zophulika, ndipo chifukwa cha ilo anthu wamba sanaloledwe kuyesa maroketi monga anali kuchitira anzao a ku Germany ndi ku America. Ena akadataya mtima, ndipo ena akadaswa lamulo mobisa. Koma anthu awa anatenga pepala, pensulo ndi masamu. Mu 1934 anayamba kusindikiza kalata yao ya nkhani za luso. Mu 1937 likulu lao linasamukira ku London, ndipo kumeneko kagulu ka mamembala kanayamba kukomana madzulo, ataweruka ku ntchito zao, kuti alinganize chombo chopita ku mwezi.

Mu January 1939 anafalitsa chimene anapeza. Chombo chao chinali choti chinyamule anthu atatu. Chinali choti chikankhidwe ndi maroketi ang'onoang'ono oposa 2,000 oikidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chikatha moto chinali choti chitayidwe kuti katundu apepuke. Podziwa kuti ku mwezi kulibe mpweya wogwira mapiko, analinganiza kuti chombocho chizitsika chodziletsa ndi moto wa maroketi ndi kutera pa miyendo. Anawerengera chakudya, madzi ndi mpweya wopuma wa ulendo wonse.

Zolingalira zao zinali ndi zolakwa, ndipo chombocho sichikadauluka monga anachijambulira. Komabe patapita zaka 30, mu July 1969, chombo cha Apollo 11 chinanyamuka ndi amuna atatu, chinataya zigawo zake panjira, ndipo kachombo kamene kanatsitsa Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin kanatera pa miyendo, kakudziletsa ndi moto wa roketi. Apa sipakunenedwa kuti anthu a ku America anatengera ntchito ya bungwe lija. Chimene chikuoneka ndi chakuti mafunso amene anthu odzipereka aja anadzifunsa madzulo ku London ndi omwewo amene dziko lolemera linadzayankha pambuyo pake ndi chuma chosaneneka.

PHINDU LIMENE LINAFIKA PA MADENGA

Mmodzi wa mamembala a bungwelo anali Bambo Arthur C. Clarke, amene anakhala wapampando wake kawiri, mu 1946 mpaka 1947 ndiponso mu 1951 mpaka 1953. Mu October 1945 iwo analemba m'magazini ya Wireless World kuti chombo choikidwa pafupifupi makilomita 36,000 pamwamba pa mzere wapakati wa dziko chidzazungulira dziko kamodzi pa tsiku, chotero kwa munthu wa pansi chidzaoneka ngati chaima malo amodzi. Anaonetsa kuti zombo zitatu zotere zingathe kutumiza mau a wailesi pafupifupi ku dziko lonse. Nthawi imeneyo panalibe chombo ndi chimodzi chomwe m'mlengalenga. Koma mu 1964 chombo cha Syncom 3 chinatumiza zithunzi za masewera a Olympic kuchokera ku Tokyo kunka ku America mwa njira yomweyo.

Mbale za kanema zimene zili pa madenga a nyumba ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete zimaloza malo amodzi usana ndi usiku chifukwa cha nzeru imeneyi. Ndi zombo zotere zimene zimajambula mitambo, ndipo namondwe wa Freddy asanagwere chigawo cha kummwera kwa Malawi mu March 2023, odziwa za nyengo anali kutsata ulendo wake pa nyanja ndi zithunzi zochokera kumwamba. Munthu wonena kuti za m'mlengalenga sizikhudza mlimi ayambe waganizira zimenezi.

PAMENE BOMA LINAKANA

Kumapeto kwa 1946 mamembala awiri, Bambo R. A. Smith ndi Bambo H. E. Ross, anapereka ku Boma la Britain maganizo okonza roketi yotha kukweza munthu m'mlengalenga ndi kumtsitsa. Boma linakana. Ndipo silinalakwe, pakuti dziko linali litangotuluka mu nkhondo, nyumba zinali zogumuka, ngongole zinali zambiri, ndipo buledi yemwe anali kugawidwa mwa muyeso. Boma limene lili ndi anthu anjala ndi odwala liyenera kuyamba ndi iwo.

Chofunika kuchiona ndi mmene bungwelo linachitira litakanidwa. Silinanyoze akuluakulu ndipo silinapasuke. Mu 1949 amuna awiri omwewo anafalitsa malingaliro a chovala chotetezera munthu woyenda pa mwezi. Mu 1951 bungwelo linalandira alendo a maiko ena ku London pa msonkhano umene unakhazikitsa International Astronautical Federation. Mu 1956 linayamba magazini ya Spaceflight yolembera anthu wamba. Chaka chomwecho katswiri wamkulu wa za nyenyezi ku Britain, Richard Woolley, ananena poyera kuti nkhani ya maulendo a kumwamba ndi yachabe. Pa 4 October 1957 dziko la Soviet Union linaponya Sputnik, ndipo pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anazungulira dziko lapansi. Tsono pamene anthu anafuna wowafotokozera zodabwitsazi, anapeza kuti ofotokoza analipo kale, okonzeka kwa zaka zoposa 20. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MACHENJEZO AWIRI

Si mabungwe onse otere amene anayenda bwino. Ku Germany kunali bungwe la odzipereka lotchedwa Verein für Raumschiffahrt, lokhazikitsidwa mu 1927. Ilo linayesadi maroketi, koma ndalama zitawathera, ena mwa anyamata ake, monga Wernher von Braun, analowa ntchito ya ankhondo. Chotuluka chake chinali roketi ya V-2, imene inayamba kugwera London mu September 1944, ndipo akaidi zikwizikwi anafa poumirizidwa kuipanga. Luso losayang'ana amene akulipira limasanduka mkondo. Lamulo limene linamanga manja anthu a ku Liverpool linawasunga ndi manja oyera.

Chenjezo lachiwiri lili pafupi. Mu 1960 Bambo Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi ndi womenyera ufulu wa dziko limene tsopano ndi Zambia, anayamba bungwe lao lofuna kutumiza anthu a mu Africa ku mwezi. Anaphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka powagubuduza mu mgolo pa chitunda, anapempha thandizo la ndalama ku UNESCO koma sanalipeze, ndipo gululo linabalalika. Nyuzi za kunja zinawaseka kwambiri mu 1964. Kusekako kunali kopanda chilungamo, pakuti pa nthawi imene munthu wakuda anali kuuzidwa kuti nzeru zazikulu si zake, kunena poyera kuti mwezi ndi wa anthu onse kunali kulimba mtima. Koma chikhumbo chokha sichikweza chombo. Gulu la ku London linasiya zowerengera zimene ena anatha kuziyesa ndi kuzikonza, ndipo ndicho chifukwa chake linakhalitsa.

NTCHITO YA MPHUNZITSI NDI WA M'BOMA

Phunziro lake ndi ili: bungwe la odzipereka limakonza maganizo a anthu, ndipo ntchito imeneyi safuna chuma chambiri. Maiko monga Malawi sadzatumiza munthu ku mwezi posachedwa, ndipo palibe wanzeru amene angapemphe Boma kusiya zipatala, misewu ndi feteleza chifukwa cha roketi. Koma dziko lililonse lifuna anyamata ndi asungwana osaopa masamu, odziwa kuwerenga zithunzi za nyengo ndi kukonza zipangizo za mauthenga. Mtima wotere umayamba mwana akayang'ana kumwamba ndi kupeza wamkulu womuyankha zoona.

Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi ali ndi thambo loyera limene ana a ku London saliona chifukwa cha magetsi. Angathe kusonkhanitsa ana ndi makolo madzulo ndi kuwaonetsa International Space Station, nyumba ya m'mlengalenga imene muli anthu kosalekeza chiyambire November 2000. Imayenda pa mtunda wa makilomita ngati 400 kuchokera pansi, imazungulira dziko pa mphindi ngati 90, ndipo pa masiku ena imaoneka ndi maso ngati nyenyezi yowala yoyenda mofulumira. Angathe kuwafotokozera chimene chimachititsa kadamsana, ndi kuwerengera nao masiku amene galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola ingathere pa ulendo wa makilomita 384,400 wa ku mwezi. Yankho lake ndi masiku 160 osapuma, ndipo mwana amene walipeza yekha saliiwala.

Kwa antchito a Boma pempho ndi laling'ono. Gulu lotere likadza kudzapempha chipinda cha sukulu, bolodi, kapena chilolezo chosonkhana, lisabwezedwe ndi chiseko. Lifunsidwe ngati lili ndi malamulo ake, ngati limasunga bwino ndalama za mamembala, ndiponso ngati limaphunzitsa zoona zoyesedwa. Likakwaniritsa zimenezi, lipatsidwe malo. Amuna a ku Liverpool anayamba ndi chipinda chimodzi mu 1933, ndipo ena a iwo anakhala ndi moyo kufikira anaona munthu akuponda pa mwezi.